Dothi la M'miphika ya Mayi Matope

Msonkhano unali usanathe pamene mphunzitsi wa za zomera anakankha chitseko osagogoda n'komwe, mlembi akumukoka malaya kumbuyo.

"Mayi, tulukani kaye. Miphika ija kulibe."

Mayi Matope anaika cholembera pansi. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira kalekale, nthawi imene ankalowa m'kalasi atavala majombo, matope mpaka m'mawondo, akuchokera kudambo kukafufuza maluwa osowa. Tsopano anali mkulu wa nthambi yonse ya sayansi pa yunivesite. Dzina linatsala, koma nsapato zawo zinkangodziwa kapeti.

Anatsika masitepe mothamanga. Mu shedi ya mbande munali mbee, mosesedwa bwino, mukununkha penti.

Miphikayo ndiye inali ntchito ya moyo wawo wonse. Dambo lija anamangapo nyumba zogona ophunzira, koma mathirakitala asanafike iwo anakumbamo timizu tonga mbatata ta duwa lina lofiirira, limene silinapezekepo kwina kulikonse. Timizuto anatidzala m'miphikamo. Duwali lili ndi khalidwe lake: m'chilimwe masamba amauma n'kuyoyoka, pamwamba osaoneka kanthu, koma pansi mzu uli moyo, ukudikira mvula.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa.

Mphunzitsi uja, amene anamuphunzitsa okha kugwira fosholo ali m'chaka choyamba, anazolika.

"Okonza malo akuti munalamula ndinu, mayi. Munati alendo asanabwere, chilichonse chouma chichoke. Iwo anangoona dothi lokhalokha."

Mayi Matope anakumbukira. Mawuwo anawaponya pa foni, akuthamangira msonkhano wina, kushediko osapondako n'komwe.

"Nanga iwe unali kuti, mwanangu?"

"Kutchire ndi ophunzira. Ndisanapite ndinakufunani kuti tikambirane za miphikayo, koma nthawi zonse yankho linali lakuti muli pa msonkhano. Masiku ano kuona inu n'kovuta kuposa kuona duwalo."

Mphunzitsiyo anafuna kuti aseke, koma palibe anaseka.

"Dothilo anakataya kuti? Tikasefa."

Mphunzitsiyo anangowatsogolera kutsogolo kwa maofesi, pamene panali dzenje limene iwo ankadandaula nalo kuti likuwononga matayala. Anthu aja, pofuna kusangalatsa bwana, anakwiriramo dothi ndi zibade za miphika, n'kutsindira ndi makina, n'kuthirapo simenti. Galimoto yawo inali itaima pomwepo. M'mawa womwewo anali atayamikira kuti ntchito yagwiridwa bwino.

"Iswani," anatero.

Anaswa pakona. Mayi Matope anagwada ndi suti yawo yomweyo, n'kuyamba kufukula ndi zala. Timizu anatipeza ndithu, koma tonse titanyenyeka, tikununkha kuvunda. Analira pamaso pa ophunzira ndi alonda, osasamala kuti akuonedwa ndi ndani. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti panalibe womukalipira.

Atafika kunyumba, amuna awo anaona mawondowo n'kusekerera.

"Aa, lero ndiye mkazi wanga wabwerera! Ndinkatopa n'kuchapa majombo, koma ndinawasowa matope amenewa."

"Bambo, ndapha ana anga aja."

Amuna awo anasiya kuseka. Tsiku lokumba timizuto ndi iwo ananyamula ndowa. Anakhala nawo pampando, tiyi n'kuzizira pa tebulo.

Mvula yoyamba itagwa, Mayi Matope anasiya kuimika galimoto pamalo paja. Ankaisiya pageti n'kuyenda pansi, majombo akale kuphazi, nsapato za ofesi m'chikwama. M'mawa uliwonse ankazungulira simentiyo pang'onopang'ono, atawerama, akuyang'ana m'mphepete ndi m'ming'alu. Mlembi ankaima pakhomo, mapepala m'manja.

"Mayi, akukudikirani pa msonkhano."

"Adikire."

Munamera udzu ndi chisoso. Iwo sanalole munthu kuzula, mpaka mvula inatha.