Njerwa za M'munda wa Teleza

Msonkhano womaliza wa makhansala unayamba mochedwa ndi maola awiri, ndipo nkhani ya a Zakeyu anaiika kumapeto kwenikweni kwa pepala, pansi pa nkhani ya zimbudzi za mumsika. Munali mu Malichi, 2005. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti nthawi yawo pampando yatha, ndipo za chisankho china sizinkamveka n'komwe.

A Zakeyu anagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri anthu asanawasankhe, ndipo anawasankhira chinthu chimodzi, sukulu. Chiyambire maphunziro aulere, ana a kwawo ankaphunzirira m'shedi yakale yoyezerapo tiyi, ya denga lokha, moti mvula ikabwera cham'mbali aphunzitsi ankangowabalalitsa. Akuboma anati ndalama zomangira zilipo, koma mudzi uyambe waonetsa mbali yake, njerwa. Nanga dothi lake likachokera kuti, kudera kumene tiyi anafika mpaka pakhomo? Aesiteti anakaniza ndi chulu chomwe.

Ndiye a Zakeyu anapita kwa mlongo wawo Teleza, mayi wamasiye wa ana atatu, amene kamunda kake kanagundizana ndi shediyo. Anamuuza kuti alole anthu akumbe dothi m'mundamo, apirire chaka chimodzi chokha, sukulu ikatha akomiti adzakwirira maenjewo n'kumulemba ntchito yosesa. Teleza anavomera, poti amene ankalankhulayo anali mwini mbumba. Anthu anagwetsa nthochi, anazula nandolo, anakumba mpaka khasu linalira pamwala. Njerwa anaumba n'kuotcha, koma ndalama za boma zija sizinabwere. Apa n'kuti zitapita zaka zitatu, Teleza akudya za maganyu othyola tiyi.

Wapampando anayamba ndi nkhani ya siteji ya minibasi za ku Limbe. Ena ankafuna isamukire kumunsi kwa msika, ena ankati odwala ochokera kuchipatala adzavutika. A Peterson, khansala wa golosale yoyang'anizana ndi sitejiyo, analankhula ngati akulalikira pamaliro, thukuta kamukamu. Anthu akuluakulu, ovala mataye, anakangana maola atatu athunthu za poima minibasi, pomwe minibasiyo imaima paliponse pamene munthu watukula dzanja. A Zakeyu anakweza mkono kawiri, kawiri konseko wapampando anawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, adikire nthawi yawo.

Nthawi yawo inafika kumwamba kutada bii ndi mitambo ya mvula, akutali atayamba kale kuyang'ana kukhomo. Mlembi anawerenga mothamanga kuti nkhani ya sukuluyo ndi yofunika kwambiri, choncho siyoyenera kuikamba mopupuluma, aisiyira msonkhano wotsatira.

“Msonkhano wake uti, bwana wapampando?” anafunsa a Zakeyu.

Wapampando anatembenuza pepala lake, n'kunena mwaulemu ndithu kuti, “Tilemba kuti mwafunsa.” Kenako anapempha wina atseke ndi pemphero.

Atatsika minibasi, a Zakeyu anasiya msewu n'kudzera m'mizere ya tiyi kuopa kukumana ndi anthu. Anadutsa pa uvuni wa njerwa zija, umene unali utagumuka mbali imodzi n'kumera ndere, njerwa zina anthu atatola kukachita mafuwa. M'maenje munadzaza madzi, achule akungolira dzuwa lisanalowe.

Anam'peza Teleza ali pakhonde, dengu la tiyi lili pambali. Nkhope ya achimwene ake inali itanena kale. Komabe a Zakeyu anakhala pansi n'kufotokoza zonse, za siteji, za mlembi, za msonkhano wotsatira, ndipo iye anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anawauza kuti Tamando, mwana wake woyamba amene anali mu Sitandade 6, anyamuka Lolemba kupita ku Limbe kukalera mwana kwa mbale wa kalaliki wa pa esiteti.

“Ndimati ndikuuzeni ndekha, inu atsibweni ake, musadzamvere kwa anthu.”

A Zakeyu anati mwanayo ali ndi mutu, aphunzitsi amamutama, si bwino kumuchotsa pakatikati pa chaka. Anapempha kuti adikire pang'ono, iwo ayesa kuona anthu ena.

“Ndidikira, achimwene,” anatero Teleza, mawu ake ali pansi. “Mungondiuza chimene adye mawa.”

A Zakeyu anakhala pamenepo jekete lili pamaondo. M'nyumba munkamveka Tamando akufunsa ang'ono ake amene akufuna makope ake otsala masamba.