Malipenga a Bartolome

"Tsegulani pang'onopang'ono, Kuya," anatero Luningning, koma mchimwene wake Efren anali atalowetsa kale mpeni pansi pa chivindikiro cha chitinicho.

Mapemphero a maliro a bambo awo, Bartolome, anali atatha dzulo lake, ndipo m'nyumba munkanunkhabe makandulo. Onse anali otopa, moti ngakhale kukangana ankangokangana chapansipansi. Namondwe anali atasasula denga. Likapanda kukonzedwa mvula isanabwerenso, mayi awo, Nanay Soling, ankayenera kusamukira ku Manila kwa Luningning, m'kachipinda kopanda zenera. Iwo sankafuna n'komwe.

Chiyembekezo chonse chinali m'chitinimo: filimu yakalekale ya alimi onyamula zikwanje olimbana ndi atsamunda Achisipanya, imene Bartolome ankaonetsa pa chinsalu m'mabwalo a matauni. Munthu wina wotolera mafilimu akale anali atalonjeza mtengo wokwanira denga lonse, bola ikhale yathunthu.

Chivindikiro chinatseguka, fungo la viniga n'kuwalasa m'mphuno. Munali kampukutu kosadzaza ndi chikhatho chomwe.

"Ina ili kuti?" anafunsa Efren. "Nanay, ankalowa m'chipinda cha Tatay, bambo athu, ndani?"

"Usafunefune wakuba, mwanawe," anayankha mayiwo. "Malipenga a Chaka Chatsopano aja, munkaliza mpaka agalu kubisala, unkayesa ankagula?"

Luningning anakhala pansi. Anawakumbukira malipengawo, akuda, onyezimira, okulungidwa ngati nyanga. Zinali zidutswa za filimuyo. Bambo awo ankagawira ana a msewu wonse, chaka ndi chaka.

"Ndiye kuti denga lathu tinaliliza tokha," anatero Efren. Anayesa kuseka koma zinakanika.

Mayiwo anati, "Makina oonetsera anafa, filimu inayamba kuwola. Bambo ako ankati ankhondo ake asafere m'chitini, apite panja akasokose."

Nanay Soling anatenga kampukutuko, n'kukaima pansi pa chibowo cha denga pomwe pankalowa dzuwa. Anakatambasula, ana awo n'kuyandikira. Pa kachithunzi kalikonse panali mtsikana yemweyo wa mpango kumutu, akupatsira ankhondo madzi.

"Agogo anu awa, mayi a bambo anu. Anawalemba ganyu ya tsiku limodzi. Sizasi ya bambo anu inkafika apa n'kuima."

Anakakulunga bwinobwino m'kansalu, n'kukaika m'thumba la diresi lawo lakuda.

"Ning," anatero osatembenuka, "basi ya ku Manila imanyamuka nthawi yanji?"