Kumene Seva ya a Kinsley Inkayang'ana

"Kuyaka yayaka, koma ikukana," anatero mayi Hamisa, akutembenuzira sikirini kwa Lucia. "Mayina onse alimo, ndawaona ndekha. Koma ndikadina kuti uthenga upite, ikungondilembera Chingerezi chofiira."

Lucia anakokera mpando pafupi ndi tebulo. M'nyumba munali musanabwerere mwakale. Masofa anali akadali panja pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo pakona panali mulu wa mphasa zimene azimayi a kumpingo ankagonapo. Kompyuta ya bambo ake, malemu Kinsley, nayo inazulidwa pa nthawi ya maliro n'kukankhidwira kunsi kwa bedi. M'mawa umenewo mayi Hamisa, mlembi wa gulu la alimi a manachesi, anatseka sitolo yawo pa boma n'kubwera kudzapempha, mopepesa kwambiri, kuti ilumikizidwenso.

Sakanadikira. Ogula a ku Blantyre anali ataimba kuti lole yawo ifika mawa lake, ndipo alimi a ku Kanduku ndi ku Thambani ankayenera kumva lero kuti athyole zipatso n'kuzitsitsira kumsewu. Lole ikanabwerera yopanda kanthu, ogulawo akanalowera ku Neno, manachesi n'kuwolera m'mitengo.

Ntchito yodziwitsa alimi inali ya a Kinsley. Anagwira ntchito zaka zambiri kuboda, pa kampani yoombola katundu, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzirira makompyuta, payekha, mofunsafunsa. Atapuma, anakonzera gululo seva, pulogalamu yosunga mayina a alimi, midzi yawo ndi manambala a foni. Seva payokha sinkadziwa kutumiza uthenga. A Kinsley anailembera kachidutswa kowonjezera, kamene inkakatenga nthawi iliyonse ikafuna kugwira ntchito imeneyo. Anamwalira mwadzidzidzi, ndi bipi, akuthirira mbande kuseri kwa nyumba.

Lucia, amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre, anawerenga mawu ofiirawo.

"Sinawonongeke," anatero. "Ikuti yafufuza kachidutswa ka adadi koma sinakapeze."

"Kagwa pamene ankanyamula?" anafunsa mayi ake, a Flossie, amene anakhala pamphasa atavala duku lakuda, akusankha nyemba m'lichero.

"Si kogwa, amayi. Ndi fayilo."

"Bambo ako zinthu zawo zonse zinali zogwa. Magalasi, makiyi, ngakhale mano oikirira aja."

Mayi Hamisa anaseka, kenako anadzigwira pakamwa. A Flossie anawakodola ndi dzanja kuti asekebe.

Pakhomo panamveka kutsokomola. Analowa a Jailosi, mkulu wawo wa malemu, atavala jekete lalikulu limene sanalivule chiyambire maliro. Iwo ndi amene abale a kuchimuna anawasiya kuti aone za katundu. Anayang'ana kompyuta ili patebulo, kenako anayang'ana mlendo.

"Alamu," anatero kwa a Flossie, "ndimayesa tinagwirizana kuti katundu wa mng'ono wanga asakhudzidwe mpaka tikhale pansi."

"Sakuchoka nayo, alamu. Akungofuna kutumiza uthenga kwa alimi."

"Zimayamba choncho. Lero uthenga, mawa mumva kuti makinawo anali a gulu."

"Mayina ali mkatimo ndi a gulu, bambo," anatero mayi Hamisa mofatsa. "Lanunso lilimo. Koma makinawo anagula okha a Kinsley, zimenezo sitikukana."

"Ndiye mwanena nokha." A Jailosi anakhala pampando wa pafupi ndi khomo, chipewa chili pabondo. "Ine ndikhala pompano, ndione."

Lucia anatsegula fayilo ya malamulo a seva, mmene mumalembedwa zonse zimene iyenera kutsata ikamayaka. Anatsika nayo pang'onopang'ono mpaka anafika pa mzere wonena kumene seva iyenera kukayang'ana zidutswa zowonjezera. Pamzerepo panalembedwa malo awiri, olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Oyamba anali malo a masiku onse, amene seva imabwera nawo. Achiwiri anali foda ya pa disiki ina, imene bambo ake anaitcha dzina lakuti Nkhokwe.

Anasuzumira kuseri kwa kompyuta. Panali kachingwe kafupi kakulendewera, kopanda kanthu kumapeto.

"Amayi, apa pankakhala kabokosi. Kakuda, kakang'ono ngati sopo wosambira. Munakaona?"

"Kaja kankaphethira getsi la buluu? Kanalipo mpaka tsiku lomwe lija."

"Kachidutswa kali mmenemo. Seva ikupita kukagogoda kumene anaiuza, koma nyumbayo yasamuka."

Anafufuza. A Flossie anasiya nyemba n'kukagwada kunsi kwa bedi. Mayi Hamisa anafunyulula mphasa imodziimodzi. Lucia anakhuthula katoni ya zingwe zakale, mmene munatuluka mafoni akufa, ma rimoti a wailesi zimene zinatayidwa kalekale, ndi magalasi amene bambo ake anawasaka mwezi wathunthu chaka chatha. A Flossie anawatenga, anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwaika pawindo.

Nthawi yonseyi a Jailosi ankangoyang'ana kudenga. Kenako anayamba kuzunguza chipewa pabondo.

"Iwe Lucia," anatero potsiriza, "kabokosi ukunenako, kali ndi kabowo kumbali?"

"Eya, abambo aakulu."

Analowetsa dzanja m'thumba la mkati mwa jekete n'kukatulutsa.

"Ine ndimayesa ndi pawabanki. Ndinati ndikasunge, pamaliro pamabwera anthu osiyanasiyana." Anakatembenuza m'manja. "Komanso ndi kachabechabe. Ndayesa kutchajira foni, sikakutchaja."

A Flossie anakhala pansi pomwepo pakhomo la kuchipinda n'kuseka mpaka misozi. Kanali koyamba kuseka chotero chimwalirire amuna awo, ndipo mayi wina woyandikana nawo, amene ankatsuka miphika panja, anasuzumira pawindo kuti aone chachitika. A Jailosi nawo anamwetulira, koma kabokosiko sanakapereke.

"Komatu tikumvana," anatero. "Akanso ndi ka mng'ono wanga. Ndikakapereka kakhala kolumikizidwa pamenepo mpaka kalekale, ndiye pa tsiku logawa katundu ndidzawauza chiyani abale? Adzati Jailosi tinamusiya kuti alondere, iye anagona."

Lucia anaona kuti sikunali kuumira. Bambo ake aakuluwa ankaopa kukaoneka wolephera pamaso pa alongo awo.

"Ndibwerekeni kanthawi kochepa, muli pompo," anatero. "Ndikopera kachidutswako m'kompyuta momwemu, ndiiuze seva kuti izikayang'ana malo atsopano. Kabokosiko mubwerera nako m'thumba."

"Zimatheka? Osachepa mphamvu?"

"Fayilo siichepa ikakopedwa."

A Jailosi anakokera mpando wawo pafupi, n'kupereka kabokosiko ndi manja awiri. Lucia anakalumikiza, getsi la buluu linaphethira. Anapanga foda yatsopano m'kompyutamo, anakopera kachidutswako, n'kuonetsetsa kuti seva ili ndi chilolezo chowerenga mmenemo. Kenako anabwerera ku mzere uja, anafufuta zonse zimene zinalipo, n'kulemba malo atsopanowo. Anazula kabokosi, anakabweza kwa a Jailosi, ndipo anayatsanso seva.

Mayi Hamisa anadina. Mawu ofiira anabweranso, ochuluka kuposa poyamba.

"Waiphatu," anatero a Jailosi.

Lucia anawerenga. Kachidutswa ka bambo ake kanapezeka bwinobwino. Chimene chinasowa tsopano chinali zidutswa zimene seva imabwera nazo, chifukwa pofufuta mzere uja anachotsanso malo a masiku onse.

"Ndalakwitsa ndine," anatero. "Ndaiuza kuti iziyang'ana kwatsopano kokha, ndiye yaiwala kwawo."

"Ngati ana a ku Blantyre," anatero a Flossie, osadzutsa mutu pa nyemba zawo.

"Amayi."

"Ndangonena."

Lucia analembanso mzerewo mosamala: poyamba malo a masiku onse, timadontho tiwiri, kenako foda yatsopano. Anafotokozera mayi Hamisa kuti seva imayamba kuyang'ana malo oyamba, ikapanda kupeza imapita achiwiri, ndipo anawaonetsa pamene mzerewo uli kuti tsiku lina kompyuta ikadzasamuka asadzavutike. Mayi Hamisa anajambula sikirini ndi foni yawo.

"Koma idzasamuka pokhapokha titakhala pansi," anatero a Jailosi.

"Pokhapokha mutakhala pansi, bambo," anavomera mayi Hamisa. "Ndipo gulu lidzabwera kudzapempha mwaulemu, osati kudzalanda."

Lucia anayatsanso seva. Panalibe chofiira. Mayi Hamisa analemba tsiku ndi malo amene lole idzaime, anapuma mozama, n'kudina. Pasikirini mayina anayamba kuyenda, lililonse likulandira kachizindikiro kobiriwira. Pasanapite nthawi foni ya mayi Hamisa inayamba kulira. Woyamba anali mlimi wa ku Thambani, kufunsa ngati ogulawo akufunanso mandimu. Wachiwiri sanafunse kanthu za lole. Anangofuna kudziwa kuti uthenga wa a Kinsley wabwera bwanji pamene iye anaponya nawo dothi pamanda, ndipo mayi Hamisa anatuluka panja kukamufotokozera bwinobwino kuti asathawe m'nyumba.

Kenako foni ya a Jailosi inanjenjemera. Anaitulutsa, anaitalikitsa ndi maso, n'kuipereka kwa Lucia.

"Tawerenga, timalembati tachepa."

Lucia anawerenga mokweza. "Moni a Jailosi. Lole ya manachesi ifika mawa m'mawa pa sukulu. Chonde mudutse kwa mayi Rozina mukawauze, alibe foni. Mwendo wawo uja ukuvutabe, muwathandize kutsitsa madengu."

A Jailosi analandira foni yawo.

"Rozina wa kutsidya kwa dambo," anatero a Jailosi pang'onopang'ono. "Chaka chilichonse mawu amenewa amabwera. Ine ndimayesa mng'ono wanga amakhala pansi n'kundilembera ineyo, pofuna kundivutitsa."

Lucia anatsegula mayina aja n'kuyang'ana bwino. Mlimi aliyense wopanda foni anamangirizidwa kwa mnzake wokhala naye pafupi, ndipo pambali pa dzina lake panali mawu ochepa amene kachidutswa kaja kankawonjezera pa uthenga wa mnzakeyo. Wina samva bwino, mukalankhule mokweza. Wina amakhala kumunda mpaka madzulo, mukamupeze komweko. Wina ali ndi galu wolusa, muyambe mwaitana muli kumsewu.

"Ndiye chimene bambo ako ankachedwera Loweruka lililonse," anatero a Flossie. "Amati akukaona mitengo ya anthu. Pobwera nsapato zili matope okhaokha, nkhani zili za miyendo ya eni mitengo."

Anatenga lichero lawo n'kupitiriza kusankha, akumwetulira, ngakhale kuti dzanja limodzi linkapita kumaso pafupipafupi.

A Jailosi anaimirira, anamanga mabatani a jekete.

"Munthu ameneyu," anatero, akupukusa mutu. "Wamng'ono ndi iyeyo, koma chiyambire ali mwana wotumidwa ndine. Ndimati tsopano ndipuma."

"Mudye kaye, alamu. Nyembazi sizichedwa."

"Ayi, alamu, dzuwa likapendeka sathyola kanthu mayi aja. Mundisungire, ndibwera mawa lole ikanyamuka." Anaima pakhomo n'kuyang'ana kuseri, kumene njinga ya malemu inatsamira khoma. Anakanda chibwano. "Njingayi ndi katundu wosakhudza, ndikudziwa. Ndikungobwereka."

"Tayala lakumbuyo ndi lofewa," anatero a Flossie.

Lucia anatenga pampu pansi pa tebulo n'kutuluka nayo. Iye anagwira njinga, a Jailosi anapopa, akupuma mwa apo ndi apo. Atatha anatsina tayala ndi chala, anapinda miyendo ya buluku, ndipo asanakwere anabwerera m'khonde n'kutenga madengu awiri opanda kanthu. Anawamangirira pakaliyala ndi lamba wa mphira.

"A Rozina madengu awo ndi obooka," anatero, osayang'ana munthu.

Anakankha njinga mpaka kumsewu, anakwera mopepesuka pang'ono, n'kulowera njira ya ku Kanduku, madengu akugwedera kumbuyo.