Foda ya Bambo

Pomwe panayenera kuoneka nkhope ya bambo panangoti psuu, sikirini yonse kufiira, pakati pali mawu akuti fayilo sikupezeka. Mzime anatseka pulogalamu yolumikizira makanema n'kuitsegulanso. Chimodzimodzi.

Anali m'kachipinda komwe malemu bambo ake ankakonzeramo makanema a maukwati a anthu. Maliro anali ataikidwa sabata yomweyo, ndipo abale anagwirizana kuti asanabalalike aonere limodzi kanema wa moyo wa malemuwo. Ntchito inagwera Mzime, mwana womaliza, poti ndiye ankawathandiza pa kompyuta.

"Zatheka?" anafunsa azakhali ake ataima pakhomo, fungo la pafyumu litalowa kale iwo asanalowe. "Makanema anga aja wawaona? Utenge wotsiriza uja. M'oyambawo misozi sinkaoneka bwino."

Mzime anali atawaona ndithu. Foda ya banja inali pa intaneti, aliyense ankatha kuikamo zake kuchokera pa foni, ndipo azakhali anali atadzazamo makanema odzijambula okha akulira, wina atatsamira khoma, wina atagwira pamtima, wina akukonza kaye mpango kenako n'kuyamba. Amenewo onse ankatseguka bwinobwino. Ofiira anali a bambo okha.

Poyamba anaganiza kuti wina wasintha dzina la foda, pulogalamu yasochera njira. Anailozera pomwe mafayilo amakhala, koma sinapeze kanthu. Kenako anati mwina mafayilowo sanatsike m'kompyuta, akadali pa intaneti. Analowa komweko. Maukwati a eniake onse analipo. Kafoda kolembedwa kuti Kunyumba, momwe bambo ankasungamo za ana awo ndi mkazi wawo, kanalibepo. Anatsegula bini, momwe zofufutidwa zimayamba zakhala. Munali mbee.

Achimwene ake analowa akutafuna, foni ili m'manja.

"Iwe, mawu anga akumanda aja akukwera pang'onopang'ono bwanji? Intaneti ya m'nyumba muno ndi manyaka."

"Foda ya Kunyumba yasowa, achimwene."

"Yolemera ija?" Anapukuta mafuta a kumilomo ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinaichotsa pa foni yanga yokha. Kwanuko ilipo."

"Liti?"

"Kumanda. Foni inati yadzaza, ine nthawi yolankhula itakwana. Ukanafuna mwana woyamba alankhule popanda chojambula?"

Mzime anawayang'ana kukamwa, momwe munkatembenuzika chakudya. Anakumbukira achimwenewo ataima m'mbali mwa manda, ataweramira foni, chala chikuyendayenda. Tsiku limenelo anawamvera chisoni, ankaganiza kuti akubisa misozi.

"Foda ndi imodzi," anatero motsitsa mawu. "Mukafufuta kwanu, imafufutika kwa tonse. Nanga m'bini?"

"Ndinakhuthula. Malo sankapezeka." Anakweza mapewa. "Aa, si zinthu zakalekale izo? Ungoika zithunzi ndi kanyimbo. Mawu anga aja ndi aatali, adzaza."

"Ndi anga," anawonjezera azakhali.

Palibe anaona kuti mayi afika. Anali ataima kumbuyo kwa azakhali, atagwira felemu ya chitseko, maso ali pa sikirini yofiirayo.

"Mawu a bambo ako analimo mmenemo?"

"Analimo, mayi."

"Kwina kulibe?"

Bambo ankakhala kuseri kwa kamera masiku onse. Pa zithunzi za banja ankasowapo, chifukwa ndiwo ankajambula. Pomwe ankaonekera ndi kumveka panali m'foda imene ija basi.

Maso a Mzime anagwera pa chikwama cha makamera pansi pa tebulo. Munali laputopu yakale yomwe bambo ankapita nayo kokajambula, ndipo chiyambire kudwala sanaiyatsenso. Ngati sinalumikizane ndi intaneti, ndiye kuti sinamve zoti foda yafufutidwa. Anaitulutsa, koma asanaitsegule anadzuka n'kukazula chingwe cha kabokosi ka intaneti kukhoma.

"Wapenga?" anakuwa achimwene. "Zanga zinatsala pang'ono kutha kukwera!"

"Ikangoona intaneti, nayonso ifufuta."

"Bwezera kaye, zimalize zangazi."

Achimwene anatambasula dzanja kuti atenge chingwe. Mayi anadutsa pakati pawo n'kuchitola, n'kuchikulunga m'dzanja lawo. Achimwene anatsonya, koma dzanja linabwerera m'thumba.

Laputopu inayaka monyinyirika. Foda ya Kunyumba inalimo. Koma Mzime atayamba kudina, chimwemwe chinazilala. Pafupifupi fayilo iliyonse inali ndi kachizindikiro ka mtambo pambali. Linali dzina lokha, chikhungwa chopanda kanthu, zenizenizo zinali pa intaneti pomwe zinafufutidwa. Tsiku lobadwa la Mzime, dzina lokha. Ulendo wa banja, dzina lokha. Ukwati wa achimwene womwe, dzina lokha.

"Ukwati wanganso?" anadabwa achimwene. Kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inagwa.

Mzime anangopitiriza kutsika.

Kumapeto kwenikweni kunali fayilo imodzi yopanda kamtambo, yopandanso dzina, manambala okhaokha. Anaikopera kaye pa fulashi, ndiye n'kuitsegula.

Panaoneka pabalaza pawo, masana. Bambo ankayesa kamera yatsopano. Dzanja lawo linadutsa kutsogolo, chithunzi chinachita chimbuuzi, kenako chinayera. "Tiyese, tiyese," ananong'ona. Mayi anagwira phewa la Mzime mwamphamvu.

Kamera inayenda pang'onopang'ono, kudutsa kabati, kudutsa maluwa a patebulo, n'kukaima pa mpando wa pawindo. Pamenepo panali mayi, tulo titawaba, nsalu yomwe ankasoka ili pamiyendo. Dzuwa linkawomba nkhope yawo, kuwala kokoma kotero kuti tsitsi lililonse la imvi linkaoneka palokha. Koma zikope zawo zinkaphethira, dzuwalo linkawasautsa m'tulo.

"Apa palibe chooneka," anatero azakhali.

Bambo anatulukira kuseri kwa kamera. Anaoneka msana wokha, malaya atatuluka mbali imodzi. Atafika pakati pa balaza anawerama, kuvula nsapato, n'kuziika pambali mosamala. Anayenda monyang'ama ndi masokosi mpaka pawindo, anagwira katani ndi zala ziwiri, n'kumaikoka pang'onopang'ono kuti mphete zake zisalire.

Chithunzi chinada. Kamera inapitiriza kujambula mdimawo, ndipo chomveka chinali kupuma kwa mayi kokha.