Buku Limene Adzukulu Anasuta

Amene anapereka buku lomaliza la malemu Benedict kwa adzukulu okumba manda kuti apichirire fodya ndi mng'ono wa malemuwo, Lovemore. Esitele, mkazi wa malemuyo, anazidziwa patapita masiku atatu chiikireni maliro, akusesa pansi pa mango pamene okumba manda aja anapumira. Anatola kandudu kotsala, kakupsa mbali imodzi, n'kuona zilembo za amuna ake.

A Benedict anali mphunzitsi ku Mkanda. Analemba mabuku anayi a nkhani, onse onena za anthu akonkuno, olima mtedza ndi opalasa njinga kupita kumalire. Awiri anasindikizidwa. Lachisanu linali likadali m'makope asanu ndi awiri, m'katoni kuseri kwa chitseko.

Esitele anapeza Lovemore pakhonde akukonza tcheni cha njinga.

"Alamu, mulibe manyazi? Thukuta la akulu anu la zaka sikisi, mwasutitsa anthu ngati chingambwe!"

Lovemore sanadzutse mutu.

"Adzukulu akapempha sakanizidwa, alamu, inunso mukudziwa. Anafuna mapepala. Ndinabwera kudzakufunsani muli m'nyumba ya siwa."

"Ine? Ndinati chiyani?"

"Munati, 'Tengani zinyalala zawo zija m'katonimo.'"

Esitele anakumbukira. Ndipo sichinali chisoni chimene chinamuyankhulitsa tsikulo. Anakhala akunena zomwezo kwa zaka makumi atatu. "Amuna anzanu akusoka fodya m'chigafa, inu muli pampando kulemba mabodza!" A Benedict ankangoseka n'kumupatsa buku limodzi mwa osindikizidwa aja. Iye ankalikankha. "Ine wa Sitandade 4 ndiwerenge nyerere zimenezi?"

Analowa m'nyumba nkhope ikutentha. M'katonimo munatsala kope limodzi, loyamba, nalonso long'ambidwa kumapeto. Analitulutsa panja poyera, n'kulitsegula koyamba m'moyo wake.

Zilembo zake zinali zikuluzikulu, ngati zimene amalembera ana pabolodi, mzere uliwonse wolumphitsa. Pamwamba panali mawu awa, omulembera iyeyo: "Mayi a Tiyanjane, izi si nyerere. Werengani pang'onopang'ono, palibe akukuthamangitsani."

Anawerenga akuloza ndi chala, milomo ikugwedera. Inali nkhani ya mtsikana wogulitsa mtedza pamsewu wa ku Ludzi, amene anatukwana mphunzitsi wachilendo atamugwetsera lichero ndi njinga. Matukwano onse amene Esitele anayankhula tsiku limenelo anali momwemo, osasiyako ndi limodzi lomwe. Mphunzitsiyo anatola mtedza uja umodziumodzi, dala mochedwa, kuti mtsikanayo asasiye kuyankhula.

Tsamba lotsatira panalibe.

Lovemore anali atasiya tcheni, akupukuta manja pa buluku mosalekeza. Esitele anasalaza kandudu kaja ndi chikhadabo, n'kukaika m'kope muja.

"Alamu," anatero, mawu atatsika, "inu ndi amene munang'amba masambawo. Maso anu sanagwerepo ngakhale pa mzere umodzi? Ndiyankheni. Kumapetoko akulu anu anati mtsikanayu anali munthu wotani?"