Danga la M'nyimbo

Mwana wanga timamutcha Kawayilesi, chifukwa chibadwire sitinapeze pozimitsira. Ndiye atayamba kubwera kuchokera kusukulu ya mkaka ali duu, ndinatseka shopu yanga yometera n'kupita kukaona amene wamuchotsa mabatire.

Ndinafika nthawi ya nyimbo. Madamu, mphunzitsi wawo, anali atakhuthulira pansi bokosi lonse: timing'oma, maseche a zitsekerero za mabotolo, zitoliro zapulasitiki. Panalibe mwana wozigwira.

"Kale ng'omazi ankalimbirana mpaka kulumana," anatero Madamu. "Pano ayi. Kuvinanso safuna. Akufuna nyimbo yawoyawo basi."

"Munawaphunzitsa ndinu?"

"Ine? Ndi mawu angawa, bambo?"

"Zoona, ndakumvani ndili pageti. Ndimayesa mukusuntha kabati."

Sanaseke.

Anawo anakhala mozungulira. Pakati pa Kawayilesi ndi kamnyamata kena kamamina anasiyapo danga lokwana mwana mmodzi. Nyimbo yake inali yong'ung'udza chabe, aliyense kachigawo kake n'kupatsira mnzake. Itafika padangapo onse anangoti zii, makosi atapendekera uko, kumvetsera. Kenaka anamwetulira limodzi, ngati wina wayimba bwino.

"Amakhala apo ndani?" ndinafunsa Madamu.

"Palibe. Tsiku lina nyimbo itafika pamenepo ndinawomba m'manja kuti nditsekepo. Analira mpaka kusanza."

Ndinanjuta pafupi ndi mwana wanga. "Iwe mayi, mnzakoyo ndani? Tsitsi ali nalo? Abwere ndimumete ulere."

"Alibe mawu, adadi," ananong'ona osandiyang'ana. "Timamubwereka athu. Lero ndi ine."

Nyimbo inali itayambanso, ikubwera: mwana uyu, uyo, winayo. Sindinadikire. Ndinamunyamula Kawayilesi m'khwapa, nsapato imodzi kutsala pompo, ulendo wakukhomo.

Ndili pakhomo ndinacheuka. Ana aja anali atasendera n'kutseka danga lija. Koma pamene panakhala mwana wanga sanatsekepo. Nyimbo inafika pomwepo, onse zii. Kamnyamata kamamina kanagwira pakamwa n'kuseka, mmene anthu amasekera Kawayilesi akasokoneza nyimbo.

Mwana amene ndinanyamula anandikoleka manja m'khosi. Anatsokomola pang'ono ngati munthu woyesa chovala chatsopano, ndipo anayankhula ndi mawu a mwana wanga enieni, koma ndi ulemu umene kwathu kulibe.

"Pepani, bambo. Kwanu n'kutali?"