Nkhope ya Lughano

"Mafoloko atatu munthu mmodzi?" Yunike ananong'ona, akuyang'ana zitsulo zimene anazindandalika mbali zonse za mbale yake. "Kodi akuganiza kuti ndili ndi manja angati?"

Mwamuna wake, Hudson Mwalwimba, anaseka chapansipansi uku akukonza tayi. "Yambani ndi yakunjayo, Amayi a Ambokile. Mwana wandilangiza choncho pafoni."

Linali Loweruka masana m'mwezi wa Ogasiti. Awiriwa anali atachoka ku Uliwa pa minibasi, atavala zakutchalitchi, kudzadya m'lesitilanti ya hotela yatsopano pa Karonga Boma. Anakonza zonsezi ndi Ambokile, amene ankaphunzira unamwino ku Mzuzu. Iye anati zaka khumi za banja sizingadutse ngati tsiku wamba. M'chipindamo munali zii. Makina oziziritsa ankauzira mphepo yolowa m'mafupa, matebulo anali ndi nsalu zoyera mbee, ndipo khoma lonse la kumanzere linali galasi lokhalokha. Anthu ankalankhula motsitsa mawu ngati ali pasiwa, moti nawonso Chinkhonde chawo ankachilankhulira pansipansi.

Yunike anacheukira kugalasi kuja kamodzi, nabweza maso msanga. Mayi amene anamuona mmenemo, wa duku lobiriwira ndi masaya odzaza, sanali iye. Anali Lughano, mkulu wake.

Lughano ndiye anali mkazi woyamba wa Hudson, mayi womubereka Ambokile. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, mutu unamupweteka Lolemba, Lachisanu anthu n'kumuika m'manda kwawo ku Wovwe. Yunike anapita ku Uliwa kukalera mwana wa zaka zisanu ndi zitatu uja, poganiza kuti akhala miyezi ingapo. Patatha zaka ziwiri akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi nagwirizana kuti mwanayo asaleredwe ndi mlendo. Choncho Yunike analowa m'nyumba ya mkulu wake, anaphika m'mapoto a mkulu wake, ndipo dzina loti Amayi a Ambokile analipeza lili pomwepo ngati chitenje chosiyidwa pachingwe. Ali mtsikana sankafanana kwenikweni ndi Lughano. Koma chaka ndi chaka nkhope ija inkabwera yokha, mpaka tsopano, pamene anali wamkulu kuposa msinkhu umene Lughano anafika.

Weitala atangowathirira madzi m'matambula, chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Kunatuluka mayi wachikulire, wamfupi, wovala epuloni yoyera ndi mpango wophimba mutu. Anayenda molunjika kutebulo lawo akupukuta manja.

"Ndinaona dzina m'buku la osungitsa malo, ndinati kaya ndi omwewo," anatero m'Chichewa cha ku Mangochi. "Aphunzitsi! Imvi zonsezi? Ndine Saida, ndinaphika paukwati wanu." Kenaka anatembenukira kwa Yunike, nawomba m'manja. "Lughano! Iwe ndiye sunasinthe, mwana iwe!"

Yunike anatembenuka. Anayang'ana mwamuna wake. Hudson anatsegula pakamwa, natsekanso. Kenaka anamwetulira, kumwetulira kwachinyamata kumene Yunike anali asanakuonepo patebulo la kunyumba.

"Mayi Saida," anatero Hudson. "Munasowa."

"Ndinasowadi. Zaka khumi ndi zisanu ndili kwathu, ndikudwazika amuna anga mpaka anatisiya. Chaka chathachi ndi pamene eni hotela ino anandiitana kuti ndidzayang'anire khitchini. Za ku Uliwa sindimvako chilichonse." Anatenga mapepala a zakudya patebulo nawapatsa weitala. "Izi musawerenge, ndi Chingerezi chongoopsezera anthu. Ine ndikudziwa zimene mkwatibwi wanga amakonda. Chambo chootcha, chopanda tsabola ngakhale pang'ono, ndi mpunga wa kilombero wophika ndi kokonati. Ndanama?"

Yunike ankadya tsabola ngakhale pa mbatata. Koma anamva pakamwa pake pakuyankha pokha.

"Simunaname, Mayi."

Chakudya chinabwera m'mbale zazikulu ngati malichero, nsomba itagona pakati, masamba awiri ataikidwa pambali mokongoletsa. Saida sanapite. Anaima atagwira mpando wopanda munthu, akukumbutsa za tsiku lija: mmene mvula yachilendo inagwera mu Ogasiti, mmene lole ya anthu a ku Wovwe inatitimira m'matope a m'minda ya mpunga, mmene mkwatibwi anavulira nsapato n'kuyenda chosavala mpaka kutchalitchi, velo ili m'manja. Hudson ankawonjezera zimene Saida waiwala. Ankaseka mpaka kupukuta m'maso. Yunike naye anaseka, ndipo ali mkati moseka anazindikira kuti akugogoda tebulo ndi chala chapakati, ndendende mmene Lughano ankachitira. Anabisa dzanjalo pansi pa nsalu.

"Nanga kamng'ono kako kaja?" anafunsa Saida. "Koonda, kamanyazi, kamene kanandiswera mbale zitatu n'kukabisala kuseri kwa mapoto. Dzina lake ndani kaja?"

Hudson anaweramira m'mbale yake.

"Yunike," anatero Yunike.

"Eya, Yunike! Aliko?"

"Aliko."

"Anakwatiwa?"

"Anakwatiwa."

"Mwamuna wabwino, eti? Kamwana kaja kanali ndi mtima wabwino."

Yunike anayamba wameza mpunga umene unali m'kamwa. "Ndi wabwino, Mayi. Samwa, samenya, pakhomo sipagona njala. Kungoti sindidziwa ngati amamuona akalowa m'nyumba."

"Amuna ndi choncho," anatero Saida akuseka. "Amaona chakudya, osaona wophika. Idyani, ndili ndi kanthu kena kanu kukhitchini."

Atachoka, panatsala phokoso la makina oziziritsa lokha. Hudson ankadula nsomba tizidutswatizidutswa, osaika kukamwa.

"Bambo a Ambokile," anatero Yunike m'Chinkhonde. "Mwandibweretsa kuno kudzakondwerera ukwati wa ndani?"

"Sindinadziwe kuti mayiyu ali kuno. Mulungu ndi mboni."

"Zimenezo ndikukhulupirira. Koma atalakwitsa, inu munali ndi pakamwa."

Hudson anaika mpeni pansi. "Ndinafuna kunena. Mawu anafika pakhosi. Kenaka ndinaganiza kuti m'dziko lonse lino watsala mayi yekhayu amene kwa iye Lughano ali moyo. Akudya, akukalamba, ali ndi mng'ono wake woti am'funse. Ndikanena, ndiye kuti ndamuikanso m'manda kachiwiri, ndi pakamwa panga." Anakweza maso. "Nanga inu? Inunso munali ndi pakamwa. Mwayankha ngati iye."

Yunike anafuna kukalipa, koma ukali sunabwere. Zinali zoona. Pamene Saida anatchula dzina lija, mantha anabwera, inde, koma pansi pa manthawo panali kukoma kwina. Kwa kanthawi anali ndi mkulu wake. Anamumva m'chala chake, m'kuseka kwake, pafupi kwambiri kuposa tsiku lina lililonse chimuikireni. Anayang'ananso kugalasi. Mayi wa duku lobiriwira uja anamuyang'ana mosaphethira, ngati akudikira kumva zimene anene.

"Ine ndayankha ngati iye kwa ola limodzi," anatero potsiriza. "Inu mwandiyankhitsa ngati iye zaka khumi."

Hudson asanayankhe, chitseko cha kukhitchini chinatsegukanso. Maweitala atatu anatuluka akuwomba m'manja ndi kuimba, Saida ali patsogolo atanyamula keke yoyaka makandulo. Anthu a pamatebulo ena anacheuka, ena nayamba kujambula ndi mafoni. Keke inatera pakati pa awiriwo. Pamwamba pake panalembedwa ndi shuga wofiira: Hudson ndi Lughano, zaka 22.

"Ndawerenga ndekha," anatero Saida monyadira. "Mwana wanu pafoni anati khumi, atsikana anga n'kulemba khumi m'buku. Ndinati mwamva molakwa inu, ukwati umenewu ndinaphika ndine. Zimitsani, muduleko limodzi."

Anapatsa Yunike mpeni womanga kansalu kofiira. Yunike anaulandira, nauika patebulo. Anayang'ana mwamuna wake nadikira. Anamupatsa nthawi yokwanira. Phula la kandulo imodzi linatsetsereka n'kudontha pa chilembo choyamba cha dzina la mkulu wake. Hudson ankangoyang'ana malawiwo.

"Mayi Saida, takhalani pansi," anatero Yunike m'Chichewa.

Kuimba kunatha kokha. Saida anakoka mpando uja nakhala, nkhope ikusintha.

"Atsikana anu analemba zoona. Ndi zaka khumi. Ine ndine Yunike, amene ndinakuswerani mbale. Akulu anga anatisiya, patha zaka khumi ndi ziwiri. Ali ku Wovwe, pafupi ndi bambo athu."

Saida sanakuwe. Anagwira pachifuwa, nanong'ona mawu a pemphero la chipembedzo chake. Anayang'anitsitsa nkhope ya Yunike, pachipumi, m'maso, pachibwano, ngati munthu wofufuza ndalama yachinyengo. Maweitala anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Amene ankajambula anatsitsa mafoni.

"Ndiwedi," anatero Saida. "Chipsera cha pakhutu icho, unadzicheka ndi mbale zomwe zija." Misozi inayamba kutsika. "Pepa mwana wanga. Ndakudyetsa chakudya cha malemu." Kenaka anatembenukira kwa Hudson, ndipo mawu ake anauma. "Aphunzitsi, ine ndine wokalamba, maso anatha, ndingalakwitse. Koma inu mwandisiya ndicheze ndi munthu wakumanda nthawi yonseyi, mkazi wanu wamoyo ali pompano?"

"Ndalakwa, Mayi," anatero Hudson.

Saida anatenga supuni kuti afufute zolembazo, koma Yunike anamugwira dzanja. "Zisiyeni. Mwalemba ndi mtima wabwino. Ingotiikirani m'katoni." Anawerama nazimitsa makandulo onse yekha.

Anatuluka dzuwa likadali pamwamba. Kunja kutentha kwa Karonga kunawalandira ngati mbama, fumbi ndi fungo la chipisi zili tholo. Anayenda mpaka kudepoti, Hudson atanyamula katoni ya keke ndi manja awiri. M'minibasi anakhala mpando wakumbuyo, pakati pa matumba a mpunga ndi mayi wina wonyamula beseni la usipa. Galimoto inathamanga mumsewu waukulu kulowera kummwera.

Atayandikira pamphambano ya ku Wovwe, Yunike anagogoda denga. "Wotsika!"

"Amama, mwati Uliwa," anatero kondakitala.

"Wa ku Uliwa ndi bambowa. Ine nditsika pano."

Hudson anamugwira chitenje. "Mukupita kuti?"

"Kwa amayi. Mawa ndikalambula pamanda a akulu anga."

"Ndiye tipitire limodzi."

"Ayi. Inu mwacheza naye kale lero. Ine ndili ndi zanga zoti ndikamuuze." Anachotsa dzanja lake pachitenjepo mosakalipa. "Ndamusungira malo zaka zonsezi, mwana wake ndalera, wakula. Ndikamuuze kuti ndatopa. Inu pitani kunyumba, mukakhale nokha m'nyumba ija masiku angapo, mukaone amene mukumusowa. Akakhala Lughano, njira ya kumanda mukuidziwa. Ndikakhala ine, mudzandipeza kwa amayi."

"Tatsikani amama, nthawi!" anakuwa dalaivala.

Yunike anapanikizika pakati pa mawondo a anthu mpaka anatsika. Chitseko chinatsekedwa mwaphokoso. Pawindo lakumbuyo anaona nkhope ya mwamuna wake itatembenuka, katoni yoyera ili pamiyendo, mpaka minibasi inakhota n'kusowa.

Pansi pa mtengo wa mango panali a kabaza. Bambo wina wa chipewa chong'ambika anamuzindikira, nakankha njinga yake kubwera, nam'patsa moni m'Chinkhonde. "Ndaga, amama. Kwanu kwa a Mwafulirwa, eti? Kwerani."

Njinga inalowa mumsewu wafumbi wodutsa pakati pa minda. Mpunga unali utakololedwa, patatsala ziputu zachikasu ndi ng'ombe zikudya mapesi. Yunike anagwira chishalo ndi manja onse awiri. Tsiku la maliro a Lughano, bokosi lisanatuluke m'nyumba, azakhali ake anaika Ambokile pamiyendo pa Yunike, nauza Yunikeyo kuti, "Iwe usalire, mwana angaope." Iye anamvera. Sanalire tsiku limenelo, ndipo pambuyo pake panalibe tsiku lina limene wina anamuuza kuti tsopano angathe.

Kulira kunayamba ngati chifuwa, kenaka kunatuluka konse, mokweza, mmene amalirira akazi akamalowa pamudzi pamene pagwa zovuta. Ankatchula dzina la mkulu wake mobwerezabwereza. Azimayi amene ankapeta mpunga m'mbali mwa msewu anaimika malichero.

Wakabaza uja anachepetsa liwiro, navula chipewa ndi dzanja limodzi. "Pepani amama, sitinamve. Maliro ndi a liti?"

"Ndi akale," anatero Yunike. "Ine ndi amene ndachedwa. Tiyeni."